Woweruza Joseph Nunan ndi Mlandu wa Malo wa 1903

Mau oyamba

Tikuthokoza kuti mwasiya makasu ndi ntchito zina za pakhomo kuti tidzakhale pansi pamodzi. Ena mwatsika kuchokera kwa Dambe, ena mwakwera kuchokera ku Lisungwi ndi kwa Saimoni, ndipo tonse tikudziwa kuti misewu ya kuno ku Neno munthu sayendamo popanda chifukwa.

Phunziro lathu lero ndi la mabwalo a milandu ndi malo. Ambiri a ife tikamva za mabwalo a milandu timaganiza kuti ndi nkhani ya anthu a m'tauni, anthu ophunzira ndi a ndalama. Koma funso limene tabwera nalo likukhudza aliyense amene ali ndi munda. Kodi munthu wina atabwera ndi pepala m'manja, nanena kuti munda umene mukulimawo ndi wake, mungathawire kwa yani? Nanga woweruza milandu atagamula kuti mundawo ndi wanu, kodi nkhani yathera pomwepo?

Kuti tiyankhe bwino, tibwerera m'mbuyo zaka zoposa 120, tikaone moyo ndi ntchito ya woweruza woyamba wa Bwalo Lalikulu la Milandu m'dziko muno. Dzina lake linali Joseph John Nunan. Ambiri sitinamvepo dzina limeneli, ngakhale kusukulu. Komabe mlandu umodzi umene iye anaweruza uli ndi phunziro lalikulu kwa ife amene tikulima lero.

Kodi a Nunan anali yani?

A Nunan anabadwa m'chaka cha 1873 ku Ireland, chilumba chimene chili kumadzulo kwa England. Nthawi imeneyo dziko la Ireland linkalamulidwa kuchokera ku London. Alimi ambiri a kumeneko ankalima pa malo a anthu olemera ndi kumalipira lendi, ndipo wolephera kulipira ankatulutsidwa m'nyumba pamodzi ndi ana ake. Mkangano wa pakati pa alimi ndi eni malo unakula kwambiri kuyambira m'chaka cha 1879, a Nunan ali mwana wamng'ono. Choncho anakulira m'dziko limene mau akuti "kusamutsidwa" sanali achilendo kwa munthu aliyense.

Ataphunzira za malamulo, analowa ntchito m'boma la Britain, ndipo m'chaka cha 1899 anatumizidwa kuno kudzakhala mkulu woona za milandu. Anali mnyamata wa zaka 26 zokha. Dziko lathu linali litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, ndipo linkatchedwa British Central Africa. Dzina loti Nyasaland linabwera pambuyo pake, mu 1907. Likulu la boma linali ku Zomba, koma malonda ndi azungu ambiri anali ku Blantyre.

M'chaka cha 1902 boma la ku London linakhazikitsa Bwalo Lalikulu la Milandu la dziko lino, ndipo a Nunan ndiwo anakhala woweruza wake. Tisaiwale kuti bwalo limeneli linali la atsamunda. Malamulo ake anali ochokera ku England, chilankhulo chake chinali Chingerezi, ndipo makolo athu sanafunsidwe ngati akulifuna. A Nunan anali wantchito wa boma limene linatenga dziko la eni ake. Tikunena zimenezi poyamba kuti pasakhale woganiza kuti tabwera kudzatamanda ulamuliro wa atsamunda.

Mmene malo anapitira

Boma la atsamunda lisanakhazikike, azungu amalonda ndi olima khofi anali atayamba kale kutenga malo kwa mafumu, makamaka m'dera la mapiri la Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje. Mtengo wake unali nsalu, mikanda, mfuti, onga ndi tinthu tina totere. Mafumu ambiri ankaona ngati akupatsa mlendo pokhala, monga mwa mwambo wathu, pamene mlendoyo ankadziwa kuti wagula dothi lonse mpaka muyaya. Anthu awiri ankagwirana chanza, koma aliyense ali ndi tanthauzo lake.

Bwanamkubwa woyamba, a Harry Johnston, atafika, anayamba kufufuza za malo amenewa kuyambira mu 1892, ndipo amene anawavomereza anawapatsa zikalata zotchedwa Certificate of Claim. Mwa njira imeneyi malo oposa maekala 3,500,000 anachoka m'manja mwa eni dziko. Gawo lalikulu linali kumpoto, koma maekala oposa 800,000 anali m'dera lachonde la mapiri a kumwera, kumene kunali midzi yambiri. Munthu mmodzi yekha, Eugene Sharrer, anali ndi maekala oposa 300,000.

M'zikalata zambiri a Johnston analembamo mau oteteza anthu. Mauwo ankanena kuti midzi ndi minda imene inalipo kale pa malowo isasokonezedwe kapena kuchotsedwa popanda chilolezo cholembedwa cha bwanamkubwa. Kumva choncho mtima ungakhale pansi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Palibe amene analemba maina a anthu a m'midzi imeneyo, kapena kuyeza kukula kwa minda yawo. Ndiponso chikalatacho chinkanena kuti mudzi watsopano kapena munda watsopano sungatsegulidwe popanda chilolezo cha mwini esiteti. Tsono makolo athu ankalima mosinthasintha. Nthaka ikaguga ankaisiya kuti igone, n'kukatsegula mphanje pena. Munthu akangosuntha munda wake, mwini esiteti ankati chitetezo chija chatha.

Panthawi yomweyo boma linaika msonkho wa nyumba, wolipira ndi ndalama. Munthu wa kumudzi ndalama akanaipeza kuti, kupatula kukagwira ntchito kwa mzungu? Apa m'pamene mau athu akuti thangata anasinthira tanthauzo. Kale kuthangata kunali kuthandizana: kulimira mfumu munda, kapena kuthandiza mnansi kufolera nyumba. Pa maesiteti, thangata inakhala ntchito yokakamiza imene munthu ankagwira m'malo mwa lendi, pa dothi limene makolo ake anaikidwapo m'manda.

Mlandu wa 1903

Imodzi mwa makampani amene anali ndi malo ambiri inali Blantyre and East Africa Limited. Woyendetsa wake anali Robert Hynde, amene anabwera m'dziko muno ngati wantchito wa mishoni ya a Scotland, kenaka n'kuyamba ulimi. Ndi yemweyo amene anayambitsa nawo nyuzipepala mu 1895, imene patapita zaka inadzakhala Nyasaland Times, ndipo pambuyo pake Daily Times.

Kampaniyi inkasowa antchito nthawi ya dzinja, chifukwa ndi nthawi imene munthu aliyense amakhala ali m'munda mwake. Choncho inapangana ndi mafumu a midzi ya pa malo ake. Panganolo linali lakuti anthu onse okhala pamenepo akhale ngati alendi. Mwamuna aliyense azigwira ntchito ya kampani miyezi iwiri nthawi ya mvula, apo ayi alipire lendi. Ndipo mwini malo akanatha kumusamutsa popanda chipukuta misozi. Mafumu anavomera m'malo mwa anthu awo.

Mkulu wa boma woona za anthu akuda ndiye anatengera nkhaniyi ku Bwalo Lalikulu, m'chaka cha 1903. Taganizani mmene zinalili. Mbali ina kunali kampani ya azungu, anthu amene woweruzayo ankakumana nawo tsiku ndi tsiku m'tauni yaing'ono ya Blantyre, ndiponso amene anali ndi nyuzipepala yowalankhulira. Mbali inayi kunali anthu a kumudzi, osadziwa kuwerenga, osamva Chingerezi, opanda voti ndi opanda ndalama. Kukondera kunali kwapafupi, ndipo palibe mzungu amene akanamudzudzula.

Koma a Nunan anagamula kuti panganolo linali lopanda mphamvu. Anapeza kuti linali lopanda chilungamo ndiponso lokomera mbali imodzi. Anthuwo ankataya ufulu umene chikalata chinawapatsa kale, wokhala pa malo awo mwaulere, ndipo m'malo mwake sankalandira chilichonse chooneka. Anaonanso kuti miyezi iwiri ya dzinja ndiyo nthawi imene mlimi amafunika kwambiri m'munda mwake. Kumuchotsa m'munda nthawi ya kupalira n'kumuitanira njala pakhomo. Anaunikanso za udindo wa mfumu, kuti pa mwambo wa kuno mfumu imasunga malo m'malo mwa anthu ake, siili ngati mwini malo wa ku Ulaya amene angachite nawo chimene wafuna. Mapeto ake anali akuti eni mudzi amene analipo chikalata chisanalembedwe sayenera kulipira lendi, kaya ya ndalama kaya ya thukuta.

Apa tiime pang'ono, tione chimene woweruza weniweni amachita. A Nunan sanapange lamulo latsopano. Anatenga mau amene boma lomwelo linalemba, nawagwiritsa ntchito kwa wamphamvu monga momwe akanachitira kwa wofooka. Imeneyi ndiyo ntchito ya woweruza: kuyang'ana lamulo ndi umboni, osayang'ana nkhope, khungu kapena thumba la munthu.

Nanga bwanji thangata sinathe?

Tikanayembekezera kuti chigamulo chotere chithetsa thangata. Sizinatero. Thangata inapitirira zaka zina 59, mpaka m'chaka cha 1962. Tiyeni tione zifukwa zake, pakuti m'menemo ndimo muli phunziro lathu.

Chifukwa choyamba n'chakuti anthu amene chigamulocho chinawakomera ambiri sanachidziwe. Chinalembedwa m'Chingerezi ndi kusindikizidwa m'nyuzipepala ya boma imene anthu a kumudzi sankaiona. Ufulu umene munthu saudziwa uli ngati chimanga chimene chili m'nkhokwe ya mudzi wina. Chilipo ndithu, koma ana ako agona ndi njala.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti panalibe umboni. Chigamulo chinateteza eni mudzi oyamba okha. Nanga munthu akanatsimikiza bwanji kuti iye kapena mayi ake analipo mu 1892, pamene maina sanalembedwe? Zaka zikamapita, amene ankadziwa malire anamwalira, midzi inasuntha, ana anakwatira ndi kukwatiwa, ndipo mau a mwini esiteti ndi kapitawo wake ndiwo amene ankamveka. Panthawi yomweyo abale athu Alomwe ankalowa m'dziko muno ambirimbiri kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Iwowa chikalata sichinkawateteza konse. Ankalandira malo pa esiteti povomera thangata, ndipo mwini mudzi wokana ankaona kuti pali wina wokonzeka kulowa m'malo mwake.

Chifukwa chachitatu n'chakuti boma linaopa eni maesiteti. Mlandu uja utatha, boma linakhazikitsa bungwe lofufuza za malo, ndipo a Nunan ndiwo analitsogolera. Zotsatira zake zinali lamulo la 1904, lofuna kuti eni maesiteti apatule gawo la malo awo kuti anthu akhalepo mokhazikika. Eni maesiteti sanalifune, ndipo lamulolo silinagwiritsidwe ntchito. Linangokhala m'mabuku.

Zimene zinatsatira tikuzidziwa. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, thangata inafika poipa kwambiri, ndipo inali chimodzi mwa zifukwa zimene Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe ndi anthu ake anaukira pa 23 January 1915. Woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, anaphedwa, ndipo a Chilembwe nawo anaphedwa pa 3 February chaka chomwecho, pamodzi ndi ambiri amene anawomberedwa kapena kunyongedwa pambuyo pake. Boma linapanganso malamulo ena mu 1917 ndi mu 1928. La 1928 linalola munthu kulipira lendi ndi ndalama, ntchito kapena mbeu, komanso linalola mwini esiteti kusamutsa gawo la anthu ake zaka zisanu zilizonse. Mu 1946 a Sidney Abrahams anadzafufuzanso nkhani yomweyi, nalangiza boma kuti ligule malo osalimidwa kwa eni maesiteti ndi kukhazikapo anthu. Mu 1953 ku Thyolo kunabuka zipolowe ndipo anthu anafa. Thangata inathetsedwa ndi lamulo mu 1962, eni dziko atapambana chisankho cha 1961 ndi kulowa m'nyumba ya malamulo.

Akuluakulu anati mlandu suola. Mlandu umene ukanatha mu 1903 unadikira mpaka adzukulu, ndipo pakati pakepo panatayika magazi.

Moyo wa a Nunan pambuyo pake

A Nunan sanakhale kuti aone zonsezi. M'chaka cha 1905 anasamutsidwira ku British Guiana, dziko la ku South America limene lero limatchedwa Guyana. Kumeneko anakwera mpaka kukhala mlangizi wamkulu wa boma pa za malamulo mu 1912. Dzikolo linali la minda ya nzimbe, imene inkadalira antchito ochokera ku India obwera pa mapangano owamanga zaka zingapo. Njira imeneyi italetsedwa mu 1917, eni minda anasowa antchito, ndipo mu 1919 a Nunan anatsogolera nthumwi zopita ku India kukakopa anthu ena kuti asamukire ku Guiana. Pambuyo pake analandira ulemu wa Sir kuchokera kwa mfumu ya ku England, ndipo anamwalira mu 1934.

Mukuona kuti munthuyu anatumikira ufumu wa Britain moyo wake wonse. Sanali womenyera ufulu wathu monga a Chilembwe. Sananene kuti malo onse abwezedwe kwa eni ake, ndipo chigamulo chake sichinafike kwa Alomwe amene anavutika koposa. Chimene timamukumbukira nacho n'chimodzi: tsiku limene osauka ndi olemera anaima pamaso pake, anatsata lamulo. Koma atachoka, chigamulo chake chinatsala chopanda mlonda.

Mabwalo athu titalandira ufulu

Wina angaganize kuti mavuto a mabwalo anatha ndi atsamunda. Mbiri yathu ikukana. M'chaka cha 1969 boma la chipani chimodzi linapatsa mabwalo a miyambo mphamvu zoweruza ngakhale milandu ya kupha, ndipo pambuyo pake ya kuukira boma. M'mabwalo amenewo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Oweruza angapo a ku Bwalo Lalikulu anatula pansi udindo posagwirizana nazo. M'bwalo lotere ndimo a Orton Chirwa, amene anali nduna yoyamba ya za chilungamo, ndi akazi awo a Vera Chirwa anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo a Orton Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992.

N'chifukwa chake Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 ananena momveka, pa gawo 103, kuti mabwalo a milandu akhale oima paokha, osalamulidwa ndi munthu kapena ofesi ina iliyonse. Gawo 41 likupatsa munthu aliyense ufulu wokadandaula ku bwalo. Gawo 28 likuti munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa. Gawo 44 likuti boma likafuna malo a munthu, chikhale chifukwa cha ntchito yothandiza anthu onse, munthuyo adziwitsidwe nthawi ilipo, alandire chipukuta misozi choyenera, ndipo ngati sakukhutira ali ndi ufulu wopita ku bwalo. Gawo 24 likuti amayi ali ndi ufulu wofanana ndi abambo pa kukhala ndi katundu.

Pa 3 February 2020 tinaona oweruza asanu akuthetsa zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha 2019. Bwalo la Apilo linagwirizana nawo pa 8 May, ndipo chisankho chinachitikanso pa 23 June. Pano sitikukamba za chipani chimene wina aliyense wa ife amakonda. Tingoona kusiyana kwake ndi 1903. Mu 2020 anthu anamva mlandu wonse pa wailesi, m'Chichewa momwe, ndipo chigamulo chitatuluka dziko lonse linadziwa chimene chiyenera kuchitika. Chigamulo chimene anthu akuchidziwa n'chovuta kuchibisa m'kabati.

Phunziro kwa ife a ku Neno

Tsopano tibwere kwathu. Boma lathu la Neno linapatulidwa ku Mwanza mu 2003. Kale tinkati kuno malo ndi ambiri, koma lero anthu tachuluka ndipo malo ayamba kukhala ndi mtengo. Njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala inadutsa m'minda ya kuno. Ntchito ya magetsi ya ku Mpatamanga pa mtsinje wa Shire ikukhudza midzi ya m'boma lathu. Ku Zalewa ndi m'mbali mwa msewu waukulu anthu ochokera kutali amafuna malo omangapo. Chitukuko n'chabwino ndipo tonse timachifuna. Koma kulikonse kumene malo ali ndi mtengo, mapepala amabwera, ndipo mafunso a 1903 amabweranso. Kuchokera ku nkhani ya a Nunan titengepo zinthu zisanu.

Choyamba, tisasaine kapena kudinda chala pa pepala limene sitinalimve. Safunsa anadya phula. Pepala likakhala la Chingerezi, tipemphe kuti litanthauzidwe ndi munthu amene ife tamusankha, osati amene wabwera ndi wogula. Tipemphe masiku oti tikaganize, ndiponso titsale ndi pepala lathu lofanana nalo. Munthu amene akukukakamizani kusaina lero lomwe, dzuwa lisanalowe, ali ndi chimene akubisa.

Chachiwiri chikupita kwa inu mafumu athu, ndipo tikulankhula mwaulemu wonse. Mafumu a mu 1903 sanali anthu oipa. Anapanikizidwa, ndipo anavomera okha popanda anthu awo. Mfumu ndi msungi wa malo, ndipo mphamvu yake ili mwa anthu. Mlendo akabwera ndi nkhani ya malo, itanani mudzi wonse pabwalo, masana, amayi ali pomwepo. Kutero kumateteza anthu, komanso kumateteza dzina la mfumu. Chimodzimodzi inu eni mbumba. Munda wa mbumba si wa malume okha. Tonse taonapo mabanja amene anadzidzimuka ataona njerwa zikutsitsidwa m'munda mwawo, mwini mbumba atalandira kale ndalama kumbali. Ndalama zija zimatha mwezi umodzi, koma udani umafika kwa adzukulu.

Chachitatu, tisunge umboni. Makolo a ku Thyolo ndi Chiradzulu anali ndi ufulu, koma analibe chouonetsera. Tiyende m'malire a minda yathu pamodzi ndi anansi, mfumu ndi ana athu. Tibzale mitengo kapena khonje m'malire. Tikabwereketsa munda, ngakhale kwa mbale, tilembe tsiku, zaka zimene tagwirizana ndi maina a mboni. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, amalola banja kapena munthu kulembetsa malo a makolo ndi kulandira chikalata. Amanenanso za komiti ya malo pa dera la gulupu aliyense, yotsogoleredwa ndi gulupuyo, ya anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu, ndipo mwa iwo osachepera atatu akhale amayi. Tifunse ku ofesi ya DC kuti ntchito imeneyi ili pati m'dera lathu. Nthawi yosankha komiti ikafika, tisatumize ena. Tipite tokha, tisankhe anthu okhulupirika, ndipo polembetsa tionetsetse kuti maina a amayi, amasiye ndi ana amasiye sanasiyidwe.

Chachinayi, tidziwe makomo ogogoda. Mkangano wa malo umayambira kwa nyakwawa ndi gulupu, n'kupita kwa mfumu yaikulu. Ngati sitinakhutire, lamulo limatilola kupitirira mpaka ku boma ndi ku mabwalo a milandu. Kuchita apilo si mwano. Wosauka amene sangathe kulipira loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau. Amene walakwiridwa ndi ofesi ya boma angadandaule kwa Ombudsman kapena ku bungwe loona za ufulu wachibadwidwe la Malawi Human Rights Commission. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma chikwanje, kuotcha nyumba ndi kuzula mbeu za mnzathu si njira. Wochita zimenezi amasandutsa mlandu umene akanapambana kukhala mlandu womumangitsa.

Chachisanu, titeteze chilungamo cha mabwalo athu, kuyambira pa bwalo la pansi pa mtengo mpaka ku Bwalo Lalikulu. Timadandaula za ziphuphu, koma chiphuphu chili ndi manja awiri, lopereka ndi lolandira. Tikapereka mbuzi usiku kuti mlandu utikomere, tikuphunzitsa woweruza kugulitsa chilungamo, ndipo mawa adzachigulitsa kwa amene ali ndi ng'ombe. Tikaitanidwa kukachitira umboni, tikanene zoona, ngakhale wolakwayo ndi mbale wathu. Ndipo chigamulo chikatuluka, tichitsatire mpaka chichitike. Tifunse pepala lake, tiliwerenge pa msonkhano wa mudzi, tibwererenso ku bwalo ngati wina akukana kuchimvera.

Mau otsiriza

Amayi ndi abambo, tinayamba ndi funso lakuti, woweruza akagamula kuti munda ndi wanu, kodi nkhani yatha? Mbiri ya 1903 yatiyankha kuti ayi. Woweruza wachilungamo ndi wofunika kwambiri, ndipo dziko lopanda oweruza otere ndi dziko la amphamvu okha. Koma woweruza amakhala ku bwalo, sagona m'munda mwathu. A Nunan anachita mbali yawo n'kukwera sitima. Makolo athu sakanatha kuchita mbali yotsalayo, chifukwa analibe sukulu, analibe voti, ndipo lamulo linali m'chilankhulo cha eni ake. Ife zonsezi tili nazo. Tili ndi ana odziwa kuwerenga, tili ndi wailesi, tili ndi makhansala ndi aphungu amene timawasankha tokha. Tikataya malo chifukwa chosafunsa, sitidzakhala ndi mtsamunda womuloza chala.

Mutu umodzi susenza denga. Tikabwerera kumudzi, aliyense akafotokozeko anzake zimene wamva pano. Tsopano tigawane m'magulu, amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, ndipo mafumu athu akhale gulu lawo. Gulu lililonse lisankhe mlembi amene adzatiuze zimene mwagwirizana.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Mwa zifukwa zitatu zimene zinalepheretsa chigamulo cha 1903 kuthandiza anthu, ndi chiti chimene chikuonekabe m'mudzi mwathu lero?

2. Kodi m'banja mwathu ndani amene amadziwa malire a munda? Atamwalira lero, tingawatsimikize bwanji?

3. Mlendo akafuna malo m'mudzi mwathu, ndani amene amafunsidwa, ndipo ndani amene amasiyidwa? Tingakonze bwanji?

4. Kodi mayi wamasiye kapena mwana wamasiye akalandidwa munda, ife anansi timachitapo chiyani?

5. Tchulani chinthu chimodzi chimene gulu lanu lichite mwezi uno usanathe, ndi munthu amene atsogolere.